Galimoto Ikamazima Pofika pa Mphambano: Phunziro la pa Kamwendo

Anthu ambiri a kunyanja amaudziwa msewu wa M18. Umachokera ku Nkhotakota, kukwera zitunda za m'nkhalango ya zinyama, kudzera pa Kasungu ndi pa Santhe, mpaka kukalowa mu msewu wa M12 pa Kamwendo m'boma la Mchinji. Ndi njira ya usipa, utaka ndi mpunga popita ku misika ya kumalire. Pa mphambanoyi pamadutsanso malole aakulu opita ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami, chimene nyumba zake zatsopano zinatsegulidwa mu December 2022.

Pamalo otere dalaivala ayenera kuima. Tsono pali galimoto zina zimene zimathamanga bwinobwino ulendo wonse, koma mukangoponda buleki kuti muime, injini imanjenjemera kenaka zii! Kodi chimavuta n'chiyani?

Injini ikufuna mpweya

Galimoto ikamathamanga, phazi limakhala pamoto ndipo khomo lolowera mpweya mu injini limakhala lotsekuka. Mukachotsa phazi, khomolo limatsekeka, n'kungotsala kampata kakang'ono. Pamenepo injini imazungulira pang'onopang'ono, kawirikawiri pakati pa 600 ndi 900 pa mphindi. Amakanika amati imeneyi ndi idling. Kampatako kakatsekeka ndi mwaye kapena fumbi, injini imabanika n'kuzima. Mpweya ukamalowanso mwakuba pa payipi yong'aluka, petulo amachepa mphamvu, ndipo zotsatira zake n'zomwezo.

Madalaivala ena anazolowera kumaponda moto ndi buleki nthawi imodzi. Ena amauza makanika kuti angokweza idling. Kumeneko n'kubisa matenda, ndipo petulo amapita wambiri.

Kuopsa kwake

Injini ikazima galimoto isanaimiretu, chiwongolero chimauma. Buleki nayo imadalira injini kuti ikhale yofewa. Imagwira bwino kamodzi kapena kawiri, kenaka imalimba ngati mwala. Taganizirani zimenezi zikuchitika pamene amayi akuoloka msewu ndi dengu pamutu, kapena potsetsereka zitunda zolowera ku Nkhotakota ana ali kumbuyo. Zikakuchitikirani, musapope buleki. Pondani kamodzi mwamphamvu, gwiritsitsani chiwongolero, yatsani mahazadi, ndipo patukirani pambali.

Yambani ndi zotsika mtengo

Choyamba ndi fyuta ya mpweya. Misewu yolowera kumidzi ku Mchinji, kumene amalonda amakagula mtedza ndi soya, ndi yafumbi kwambiri m'chilimwe. Tulutsani fyutayo muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina.

Chachiwiri ndi khomo la mpweya lija. Galimoto zambiri zochokera ku Japan, monga Probox ndi Sienta, zili ndi throttle body. Ikada, makanika amaitsuka ndi mankhwala ake a m'chitini. Akatha kutsuka, nthawi zina kompyuta ya galimoto imafuna kuti aiphunzitsenso idling, choncho musadabwe ikamalira mosinthasintha poyamba. Mapikapu akale a kabuleta ali ndi kajeti kakang'ono ka idling, kamene kamatsekeka ndi kachitsotso kochepa ngati mchenga.

Chachitatu ndi mapayipi a labala. Injini ikulira, tcherani khutu. Mukamva kuti "tsiii", pali potulukira. Kuti muyese chitini chothandizira buleki, zimitsani injini, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, ndipo muli chipondere lizani injini. Phazi liyenera kutsika pang'ono. Likapanda kutsika, chitinicho kapena payipi yake yawonongeka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makanika tsiku lomwelo.

Chachinayi ndi mapulagi ndi mawaya a batire. Pulagi yakuda kapena yakutha imayatsa mofooka, ndipo zimenezi zimaonekera kwambiri injini ikamalira motsika. Mitu ya batire ikhale yoyera ndi yomangitsa.

Samalani ndi mafuta

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol. Ntchitoyi inayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kwathu kunyanja komweko. Petuloyu ndi wabwino, koma ethanol amakoka madzi. Akasungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino, amatenga chinyezi. Pamene mafuta ankasowa, monga mu 2011 ndi 2012 komanso mu 2022, anthu ambiri ankagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mafuta otere amabwera ndi madzi ndi zinyalala zimene zimatseka fyuta ya petulo. Ngati vuto linayamba mutangothira a m'chigubu, uzani makanika, chifukwa mwina pafunika kukhuthula thanki yonse.

Zoti mukanene ku galaja

Safunsa anadya phula, komanso wodwala wosafotokoza bwino amalandira mankhwala olakwika. Musanapite ku galaja, onetsetsani izi. Kodi imazima injini ikadali yozizira kapena itatentha? Kodi imazima mukaponda buleki, kapena mukayatsa magetsi? Kodi kanyale ka injini kayaka pa dashibodi? Ngati kayaka, pemphani kuti ayeze ndi makina asanayambe kumasula chilichonse. Galimoto ya otomatiki imene imagwedezeka n'kuzima ngati dalaivala waiwala kuponda kilatchi, vuto lake likhoza kukhala mu giyabokosi osati mu injini.

Musavomere kugula zitsulo zambiri nthawi imodzi mongoyerekeza. Makanika wabwino amasintha chinthu chimodzi, n'kuyesa galimoto pamsewu, kenaka n'kukupatsani chakalecho m'manja.

M'mabanja ambiri galimoto imodzi ndiyo imabweretsa fizi ya ana ndi ndiwo za pakhomo, ndipo nsomba zaziwisi sizidikira kuti injini ikonzedwe. Fyuta ndi chitini cha mankhwala otsukira n'zotchipa poyerekeza ndi katundu woonongeka kapena munthu wovulala. Konzani galimoto muli kwanu, ulendo wa ku Kamwendo usanayambe.