MAYESO A MADOTOLO A MAFIZO KU AMERICA

Munthu akathyoka mwendo nakhala m'chikhakha milungu ingapo, fupa limalumikizika, koma tsiku lochotsa chikhakhacho mwendo upezeka wowonda ndi wouma, bondo losapindika. Chimodzimodzi munthu wogwidwa ndi matenda a sitiroko, amene amafoola dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi: mankhwala okha sangamuyendetse. Anthu otere amatumizidwa kwa dotolo wa mafizo, ndiye amene aphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito yake. Iye sachita opaleshoni. Zida zake zenizeni ndi manja ake, maso ake, ndodo zoyendera, ndi zolimbitsa thupi zimene alamula wodwala kuchita tsiku ndi tsiku. M'Malawi muno maphunziro a digiri ya ntchito imeneyi adayamba m'chaka cha 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Ntchitoyi iwoneka yofatsa, koma ikagwiridwa ndi munthu wosadziwa itha kupundula wodwala kapena kumupha kumene. Nchifukwa chake maiko ambiri salola munthu kuigwira wopanda chiphaso. Limodzi mwa maiko amene adakhwimitsa lamulo limeneli ndi United States of America, ndipo mayeso a kumeneko asonyeza bwino nzeru imene ifunika pa ntchitoyi.

Ku America ntchito ya mafizo idakula chifukwa cha mavuto awiri. Loyamba linali nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, pamene asilikali ambiri adabwerera kwawo opunduka, ndipo Boma lidalemba ntchito amayi oti aziwathandiza kuyendanso. Mmodzi wa amayiwo, Mary McMillan, ndiye adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la ogwira ntchitoyi m'chaka cha 1921. Vuto lachiwiri linali nthenda ya poliyo, imene m'chaka cha 1952 chokha idagwira anthu pafupifupi 58,000, ambiri a iwo ana. Katemera adayamba kuperekedwa mu 1955, koma amene anali atapuwala kale adafunabe owathandiza zaka zambiri.

Masiku ano mnyamata kapena msungwana wofuna ntchitoyi kumeneko ayamba watsiriza digiri yoyamba, kawirikawiri ya zaka zinayi, kenaka aphunzira zaka zina zitatu za mafizo, m'kalasi ndi m'chipatala momwe. Koma ngakhale alandire digiri yachiwiriyo, saloledwa kugwira ntchito payekha kufikira atakhoza mayeso otchedwa National Physical Therapy Examination. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chimapereka ziphaso zake, koma mayesowa ndi amodzi m'dziko lonse. Amawakonza ndi bungwe la Federation of State Boards of Physical Therapy, limene lidakhazikitsidwa mu 1986.

Mayesowa amalembedwa pa kompyuta kanayi pa chaka, m'miyezi ya Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala. Kuyambira chaka cha 2024 mafunso alipo 225, ogawidwa m'magulu asanu, ndipo nthawi yake ndi maola asanu. Funso lililonse lili ndi mayankho anayi, wolemba asankhepo limodzi. Mwa mafunsowo, 180 okha ndiwo amawerengedwa. Ena 45 amaikidwa kuti bungwe liwone ngati angayenere mayeso a mtsogolo, koma wolemba sauzidwa kuti ndi ati, kotero ayenera kulimbana ndi onse. Malikisi amachokera pa 200 kufika pa 800, ndipo wokhoza ndi amene wapeza 600 kapena kuposa.

Lamulo limene limasowetsa tulo ophunzira ndi ili: munthu saloledwa kulemba koposa katatu m'miyezi 12, kapena koposa kasanu ndi kamodzi m'moyo wake wonse. Amene wapeza malikisi 400 kapena kucheperapo kawiri, ameneyo khomo limatsekeka nthawi yomweyo. Tsono ambiri a ophunzirawa amakhala ataphunzira ndi ndalama zangongole, ndipo ngongole siyembekeza kuti munthu akhoze. Kulephera kamodzi ndi kukhala miyezi itatu ina wopanda chiphaso.

Kodi wophunzira wanzeru akonzekera bwanji? Choyamba atenga ndandanda imene bungwe limasindikiza, yosonyeza kuchuluka kwa mafunso pa mbali iliyonse ya thupi. Mafunso ochuluka koposa ndi a mafupa, mfundo ndi minofu. Otsatira ndi a ubongo ndi mitsempha yake, kenaka a mtima ndi mapapo. Aliponso ochepa a khungu ndi zilonda, a matenda monga shuga, a zida monga njinga za olumala, ndi a malamulo a ntchito. Poona ndandandayo, wophunzira agawa masiku ake, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, napatsa masiku ambiri mbali zazikuluzo. Cholakwa cha ambiri nchakuti amakonda kuwerenga zimene azidziwa kale, popeza nzokoma kuwerenga, nazemba zimene ziwavuta.

Koma kuloweza maina a mafupa ndi minofu sikukwanira, pakuti mafunso ambiri safunsa dzina la chinthu. Amafotokoza za wodwala, nafunsa chimene dotolo wa mafizo ayenera kuchita poyamba. Funso lingakhale lotere. Mayi wina adachitidwa opaleshoni ya bondo masiku anayi apitawo ndipo wakhala chigonere. Lero katumba wa mwendo womwewo watupa, watentha, ndipo apweteka akakhudzidwa. Kodi dotoloyo asisite katumbayo, amuthowe ndi chotentha, awonjezere zolimbitsa thupi, kapena aleke zonse nauza dotolo wamkulu nthawi yomweyo?

Mayankho atatu oyambawo onse ndi ntchito zimene wophunzira adaphunzitsidwa, ndipo pa wodwala wina zingakhale zoyenera. Apa mpamene pali msampha. Zizindikiro zimenezi, mwa munthu amene wagona masiku angapo atachitidwa opaleshoni, zichenjeza kuti mwina magazi aundana m'mtsempha wa m'kati mwa mwendo. Mwendowo ukasisitidwa, magazi oundanawo atha kuchoka pamalopo, nayenda ndi magazi ena kupyola mu mtima mpaka kukatseka mtsempha wa m'mapapo, ndipo munthu angafe m'mphindi zochepa. Yankho loona ndi lachinayi. Ichi nchoyenera kuchidziwa ngakhale osamalira odwala kumudzi, amene amafulumira kuthowa chotupa chilichonse: mwendo umodzi ukatupa chotero mwa munthu amene wakhala chigonere, kapena mwa mayi amene wangobereka kumene, athamange naye kuchipatala osausisita.

Chotero mayesowa afuna kuona ngati munthu adziwa nthawi yogwira wodwala ndi nthawi yochotsa manja. Wophunzira aizolowera nzeru imeneyi poyankha mafunso oyeserera ambirimbiri. Bungwe lomwelo limagulitsa mayeso oyeserera otchedwa PEAT, ofanana ndi enieni, ndipo alipo mabuku enanso. Phindu lake lili pobwerera ku funso lililonse limene walakwa ndi kufufuza chifukwa chake: kodi sadadziwe nkhaniyo, kapena adawerenga mothamanga nadumpha mawu amodzi, kapena adadziwa koma adasankha chithandizo chabwino chimene sichinali choyamba? Amene alemba zifukwazi m'kope amaona msanga pamene pali kufooka kwake. Ena amakhala awiriawiri kapena atatu, wina nakhala wodwala, mnzake nafotokoza mokweza zimene angachite, monga adachitira m'chipatala.

Nthawi nayonso iyenera kuzoloweredwa. Maola asanu atagawidwa pa mafunso 225, funso lililonse lipeza mphindi imodzi ndi masekondi 20. Gulu limodzi la mafunso likatsekedwa, wolemba sangabwererenso kukakonza. Yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, kotero kusiya funso losayankha ndi kutaya chabe. Nchifukwa chake tsiku lisanafike wophunzira akhala pansi kawiri kapena katatu maola asanu athunthu, foni ili kutali, kuti msana ndi maso zizolowere. Tsiku la mayeso asonyeza chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, nasiya mabuku ndi foni kunja kwa chipinda.

Njira yachidule imene ena adayesa idabweretsa tsoka pa anthu ambiri. Olemba ena ankaloweza mafunso, natuluka kukawapereka ku masukulu okonzekeretsa anzawo. M'chaka cha 2010 bungwe lidaimitsa kwa kanthawi mayeso a onse ophunzira ku Egypt, India, Pakistan ndi Philippines chifukwa cha mchitidwe umenewu, ndipo osalakwa adavutikira pamodzi ndi olakwa. Wogwidwa akugawa mafunso a mayeso atha kulandidwa malikisi ake ndi kuletsedwa kulembanso.

Amene adaphunzira mafizo kunja kwa America, monga kuno, saloledwa kungofika ndi kulemba. Makalata ake a sukulu ayamba apimidwa kuti aone ngati maphunziro ake afanana ndi a kumeneko, ndipo pakapezeka choperewera auzidwa kuti aphunzire chimenecho. Zigawo zambiri zifunanso mayeso a Chingerezi, ndipo zina zili ndi mayeso a malamulo a chigawocho.

Kuno kwathu madotolo a mafizo amalembetsa ku Medical Council of Malawi asanayambe ntchito, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa ngati womugwirayo adalembetsa. Mwana wa sukulu wofuna ntchito imeneyi alimbikire masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndipo afunse aphunzitsi aakulu a pasukulu pake za malowedwe a ku Blantyre.