Ku Karonga Kuli Mafupa Ofunika Kukawaona

Ambiri a ife kuno ku Njewa timadziwa Karonga chifukwa cha mpunga wa kilombero. Koma boma la m'mphepete mwa nyanjali lilinso ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600 pamsewu wa M1, kudzera ku Kasungu, Mzuzu ndi pamtsetse wa Chiweta.

Mukangolowa, maso amathamangira pa chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chomwe chinkadya zomera. Mafupa ake anafukulidwa m'boma lomweli. Sidney Haughton anawafotokoza mu 1928, ndipo mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake, kuphatikizapo Mmalawi Elizabeth Gomani, anapatsa chinyamachi dzina lotchula dziko lathu. Nyumbayi imafotokozanso za nsagwada yomwe gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha mu 1991.

Apa ndi pomwe wophunzira wa Chiadventi amaima kaye. Akatswiri amati nsagwadayo ndi ya mtundu wa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo Malawisaurus anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ife timasunga Sabata pokumbukira chilengedwe cha masiku asanu ndi limodzi monga buku la Genesis likufotokozera. Kodi ndiye tisapiteko?

Tipite ndithu, koma tidziwe kuti zakazo zimapezeka bwanji. Pafupa sipalembedwa chaka. Ku Uraha, ofufuza anayerekeza mano a nguluwe zakale opezeka m'dothi lomwelo ndi mano ofanana nawo a ku Ethiopia ndi ku Kenya, kumene phulusa la mapiri ophulika linayezedwa msinkhu wake. Fupa ndi chinthu chogwirika, pamene zaka ndi yankho la njira yoyezera. Wofuna kutsutsa yankholo ayambe wamvetsa njirayo. Mpingo wathu suthawa mafunso otere: mu 1958 unakhazikitsa Geoscience Research Institute kuti izifufuza nkhani zomwezi. Amene akukonzekera uphunzitsi adzakumana ndi mwana wa Fomu 3 wofunsa za mafupawa, ndipo kumukalipira sikudzakhala yankho.

Musathere nthawi yonse pa mafupa. Karonga ndi dziko la Angonde ndi mfumu yawo Kyungu. N'komweko kumene Mlozi ankagwira anthu ukapolo mpaka anagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu 1895, komanso kumene asilikali a Britain ndi Germany anamenyana mu September 1914, Aafirika ambiri n'kufera nkhondo ya eni ake.

Magulu a achinyamata okonza ulendo asankhe tsiku la mkati mwa mlungu, atenge kope ndi cholembera, ndipo afunse wowaperekeza mafunso awiri pa chinthu chilichonse: chinapezeka kuti, nanga zaka zake anazidziwa bwanji? Mayankhowo tidzakambirane mu pulogalamu ya achinyamata Sabata masana, Baibulo lili m'manja.