Kuwokera banja ku Joni

Mlimi wa fodya wa ku Santhe kapena ku Chamama sazula mbande pa nazale asanadziwe munda umene akaziwokeremo. Amakhala atauyendera kale, akudziwa pamene pali lowe ndi pamene madzi amakokolola nthaka, mizere ataunga. Mbande ikazulidwa siyembekezera, imafuna dothi tsiku lomwelo. Koma mlimi yemweyu akagulitsa mabelo ake ku Chinkhoma n'kuona kuti ndalama zimene zatsala n'zochepa, amapita ku Johannesburg, ndipo pakatha chaka amaitanitsa mkazi ndi ana asanafufuze bwino kumene akakhale. Ana ndiwo mbande zanthete kuposa zonse, ndipo dera la mumzinda limene mwawasankhira ndilo munda wawo.

Vuto ndi lakuti malangizo a ku Joni amene tinatengera kwa makolo ndi a mwamuna wokhala yekha. Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, anakagwira ntchito pa mgodi wa ku Boksburg ali mnyamata. Agogo athu a Wenela ankagona m'makomboni a amuna okhaokha, ndipo mabanja ankatsala kumudzi mpaka kulemba anthu kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown. Mpaka lero m'bale amene wakulandirani pa Park Station amakuuzani kumene lendi ndi yotsika ndi kumene kuli anzanu. Za sukulu ndi sikelo ya ana sanaziganizirepo, chifukwa ake ali ku Mtunthama.

Lendi yotsika kwambiri imapezeka m'nyumba zosanja za pakati pa mzinda, ku Hillbrow, Berea ndi Marshalltown, zina mwa izo zolandidwa ndi magulu amene amatolera ndalama popanda chilolezo cha eni ake. Chipinda chimodzi amachidula ndi matabwa kapena makatoni, magetsi ndi olumikiza mwachinyengo, zitseko zothawira zimakhala zokhoma. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi, ena ana. Ine ndimati mukalowa m'nyumba yofuna kuchita lendi, yambani mwayenda kuchokera m'chipindamo mpaka kunja, mukuganiza kuti mwabereka mwana, kuli mdima ndi utsi. Ngati simungatuluke msanga, musafunse n'komwe mtengo. Kumbukiraninso kuti Juni ndi Julaye wa ku Johannesburg amazizira kuposa wa kuno, ndipo ndi nyengo imene mbaula za parafini zimayatsa tinyumba ta malata.

Madera ngati Diepsloot, Alexandra, Tembisa ndi Cosmo City ali ndi zipinda za kuseri kwa nyumba zimene anthu ambiri amakwanitsa. Apa chofunika kuwerengera ndi ulendo. Mzindawu ndi wotambalala, ndipo munthu wogwira ntchito m'nyumba kapena m'dimba la maluwa ku Randburg kapena ku Sandton akhoza kukwera matekisi awiri popita, awirinso pobwera, n'kusintha pa Bree kapena pa Noord. Marandi amene mwapulumutsa pa lendi amathera m'manja mwa dalaivala, ndipo mumanyamuka ana ali m'tulo, kubwerera atagonanso. Phatikizani lendi ndi thiransipoti ya mwezi wonse ya anthu onse a m'nyumba, kenako mufananitse madera.

Nkhani ya sukulu ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa pamenepa ndi pamene mizu imagwira kapena kufota. M'chigawo cha Gauteng malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 amafunsiridwa pa intaneti pakati pa chaka, ndipo sukulu imayamba yaganizira ana okhala pafupi nayo. Choncho adiresi yanu ndiyo imasankha sukulu, ndipo amafuna umboni wa adiresiyo. Landilodi wokana kukulemberani pangano la lendi ndi kukupatsani lisiti wakutsekerani khomo la sukulu, ngakhale chipinda chake chikhale chokongola bwanji. Lamulo la lendi la mu 1999 limati mukapempha pangano lolemba azikupatsani, ndipo dipoziti yanu aziisunga ku banki kumene imabereka chiwongoladzanja. Funsaninso chilankhulo chimene amaphunzitsira m'makalasi oyamba. M'sukulu zambiri za m'makomboni ndi Chizulu, Chisutu, Chipedi kapena Chitsonga, pamene m'madera ngati Rosettenville, Turffontein ndi Mayfair zambiri zimaphunzitsa m'Chingerezi. Mwana wa zaka 6 amatola Chizulu msanga, koma wa Sitandade 6 amene wachoka ku Chulu akhoza kukhala chete m'kalasi miyezi yambiri. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe kusukulu chifukwa chosowa zikalata. Chigamulocho ndi chabwino, koma sichiwonjezera madesiki pa sukulu imene yadzaza.

Kukhala pafupi ndi Amalawi anzanu kuli ndi phindu lenileni. Ku Mayfair ndi ku Fordsburg abale athu achisilamu amapeza mizikiti ndi ntchito m'masitolo, ndipo m'madera ambiri muli mipingo yopemphera m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, magulu a chipereganyu ndi othandizana pa maliro. Mayi wobwera kumene amafuna mnzake womusiyira mwana ndi womuperekeza kuchipatala ngati cha Rahima Moosa ku Coronationville. Komabe funsani amene akhalitsa kuti derali linali bwanji pa nthawi ya zipolowe. Mu Meyi 2008 chiwembu chochitira alendo chinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa m'dziko lonselo, ndipo mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Funsani amayi, osati abambo okha, chifukwa amayi ndiwo amadziwa mmene amalandiridwira pa mzere wa kuchipatala ndi pa mpopi.

Mlimi amakhwimitsa mbande asanawokere, amachepetsa madzi kuti zizolowere dzuwa, ndipo amadikira mvula yeniyeni. Pa banja, kukhwimitsa ndi kukonza zikalata: pasipoti ya mwana aliyense, chiphaso chobadwira, buku la sikelo, malipoti a sukulu, ndi chilolezo chokhalira kumeneko, poti masiku 30 amene amadinda pa Beitbridge ndi a mlendo wongocheza. Nthawi yake nayo ndi yowerengera. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Seputembala, kumeneko mu Januwale. Bambo apeze nyumba ndi pangano lolemba chisanathe chisanu, afunsire malo kusukulu, ndipo ana akwere basi mu Disembala.