Kuzizila kunapha akatswili othamanga 21 pa phili

Pa 22 May, 2021, anthu 172 anayamba mpikisano wothamanga makilomita 100 m'mapili a Yellow River Stone Forest, m'cigawo ca Gansu ku China. Pofika tsiku lotsatila, 21 mwa iwo anali atafa. Mmodzi anali Liang Jing, katswili amene anapambanapo mpikisano womwewu kale. Cinawapha ndi kuzizila kwa thupi, kumene ku cipatala amati hypothermia.

Ponyamuka m'mawa ambili anavala makabudula ndi masikipa cabe, popeza okonza mpikisano sanalamule kuti aliyense anyamule jekete. Ca kumasana, ali pa citunda cacikulu kumene galimoto silifika, kunabwela cimphepo, mvula yozizila ndi matalala. Ena anali ndi timabulangete topyapyala tonyezimila, koma mphepo inating'amba.

Kodi munthu wamphamvu cotele angafe bwanji ndi kuzizila? Thupi la munthu limagwila bwino nchito pa madigili 37. Likatsika pansi pa 35, ngozi yayamba. Cosadziwa ambili ndi cakuti cisanu cokha sindico coopsa kwambili, koma kunyowa pamodzi ndi mphepo. Madzi amacotsa kutentha m'thupi msanga kuposa mpweya, ndipo mphepo ikamaomba pa covala conyowa imamaliza kotsalako. Wothamanga amafunda cifukwa minofu yake ikugwila nchito. Akatopa, shuga n'kucepa m'thupi, liwilo limatha ndipo moto wa m'thupi nawo umazima. Akatswili ambili alibenso mafuta owateteza.

Poyamba munthu amanjenjemela kwambili, zala n'kuuma. Kenaka amalankhula mokoka lilime, kuyenda dzandidzandi ndi kusokonezeka maganizo monga woledzela. Kunjenjemela kukaleka munthu akali wozizila, si kuti wapeza bwino ai, koma thupi lalephela. Izi zimacitika ca m'ma madigili 32. Ena pamenepa amamva ngati atenthedwa, nayamba kuvula. Pansi pa 28 mtima ungathe kuima.

Othamanga 6 anapulumutsidwa ndi mbusa wa nkhosa, Zhu Keming, amene anali atabisala mvula m'phanga. Anawalowetsa momwemo, nakoleza moto ndi kuwafunditsa. Analibe mankhwala alionse, koma anacita zimene zimafunika: kucotsa munthu pa mphepo, kumuumitsa ndi kumufunditsa.

Vutoli si la m'mapili a ku China okha. M'makomboni, miyezi ya June ndi July, limagwela woledzela amene wagona m'ngalande usiku wonse, okalamba ogona okha, ndi makanda ongobadwa kumene. Khanda lifunika kulipukuta msanga, kuliika pa cifuwa ca amake khungu kwa khungu, kuliveka cipewa, ndi kudikila tsiku lathunthu lisanasambitsidwe.

Wamkulu wopezeka atazizidwa cotele anyamulidwe mosamala, osamugwedeza, cifukwa mtima wozizila sucedwa kusokonezeka. Zonyowa zivulidwe, afunditsidwe mutu, khosi ndi cifuwa coyamba, ndipo pansi pamene wagona payalidwe kanthu. Manja ndi miyendo isatikitidwe. Ngati ali maso ndipo atha kumeza, apatsidwe tiyi wotentha wa shuga wambili. Mowa ai, ngakhale pang'ono. Anthu amati kacasu amafunditsa, koma amangotsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva kutentha pamene kutenthako kukutuluka. Mbaula nayo isaikidwe m'cipinda cotseka, popeza mpweya wa malasha umapha osanunkha.

Amene sakuyankha apite naye ku cipatala mwamsanga, ali wofunditsidwa, ngakhale aoneke ngati watsilizika. Munthu wozizila kwambili amapuma pang'onopang'ono ndipo mtima wake umavuta kuumva ndi dzanja, cotelo a cipatala amayamba amufunditsa asananene kuti wamwalila.