Abusa Amene Anamangidwa Cifukwa ca Ziweto

Kale m'dziko la England munalibe lamulo loteteza ziweto. Munthu anali kukwapula kavalo wace kufikira atagwa pansi, koma sanali kuzengedwa mlandu, popeza ciweto cinali kuyesedwa cuma cabe, monga khasu kapena ngolo.

M'caka ca 1822 Richard Martin, wa ku Ireland, anapereka ku Nyumba ya Malamulo lamulo loletsa kuzunza akavalo, ng'ombe ndi nkhosa, ndipo linalandiridwa. Koma lamulo lolembedwa pa pepala liribe maso. Panafunika anthu oyenda m'misika ndi m'miseu kukaona ozunza nyamawo.

Cotero m'caka ca 1824 anthu ena anasonkhana mu London nayambitsa bungwe loletsa kucitira nyama nkhanza. Mmodzi wa iwo anali William Wilberforce, yemwe uja analimbana ndi malonda a akapolo. Mlembi woyamba anali Abusa Arthur Broome. Iwowa anasiya nchito ya pa mpingo wao, nagwira ya bungwelo popanda malipiro. Ndiponso anali kulipira ndi ndalama za m'thumba mwao munthu woyang'anira pa msika wa ng'ombe wa Smithfield. Bungwe litagwa m'ngongole, a Broome ndiwo anaponyedwa m'ndende m'caka ca 1826, nakhala momwemo mpaka anzao atasonkha ndalama zowaombolera.

Nchitoyo siinafe ai. M'caka ca 1835 kunaletsedwa masewera omenyanitsa agalu kapena atambala, amene makamu a anthu anali kukondwera nao. Mfumukazi Victoria anavomera m'caka ca 1840 kuti bungwelo licedwe lacifumu, ndipo lero lidziwika ndi dzina lakuti RSPCA.