Kodi Mpweya Wotuluka M'kamwa Ungaulule Khansa ya M'mapapo?

Lero tikambe za khansa ya m'mapapo, ndi za njira imene akatswiri akuyesa yoti aziipeza msanga popima mpweya umene munthu watulutsa popuma.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati khansa imeneyi imapha anthu pafupifupi 1.8 miliyoni chaka chilichonse, kuposa khansa ina iliyonse. Kuipa kwake n'kwakuti imayamba mwakachetechete. Chotupa chimatha kukula miyezi yambiri munthu akulima, akupalasa njinga, osamva kanthu. Pamene ayambe kuwonda ndi kutsokomola magazi, kawirikawiri matenda amakhala atafalikira kale. Chikapezeka chidakali chaching'ono, madokotala amatha kudula mbali ya phapo yodwalayo, ndipo ambiri amachira.

Nanga mpweya ukubweramo bwanji? Inu nomwe mukudziwa kuti mpweya subisa nkhani. Amene wamwa kachasu angakane bwanji, fungo limamuulula, ndipo apolisi apamsewu ali ndi kachipangizo kouziramo koyezera mowa. Wodwala shuga akafika poipa, m'kamwa mwake mumatuluka fungo ngati la zipatso zopsa kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti magazi onse a m'thupi amadutsa m'mapapo, ndipo kumeneko amataya tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timatuluka limodzi ndi mpweya. Mu 1971 katswiri wa ku America, Linus Pauling, anapeza mitundu pafupifupi 250 ya tinthu totere mu mpweya wa munthu. Maselo a khansa amadya ndi kutaya zinyalala zawo mosiyana ndi maselo abwinobwino, choncho akatswiri akuganiza kuti mpweya wa wodwala uyenera kukhala ndi chizindikiro chakechake.

Zoti matenda ali ndi fungo si zachilendo kwa ife a ku Mozambique. Ku Maputo, mu 2013, bungwe la APOPO linayamba kugwiritsa ntchito mbewa zikuluzikulu zija timazitcha bwampini kununkhiza makhololo a anthu amene akuganiziridwa kuti ali ndi TB. Ndi mtundu womwe uja unathandiza kufufuza mabomba okwirira m'dziko muno. Mbewa ikaima pa makhololo ena, a kulabotale amawapimanso ndi makina kuti atsimikize. Ku Germany, mu 2011, madokotala anaonetsa kuti agalu ophunzitsidwa amatha kusiyanitsa mpweya wa odwala khansa ya m'mapapo ambiri ndi wa anthu ena. Koma galu amatopa, ndipo sangakuuzeni chimene wanunkhiza. N'chifukwa chake anthu ngati Hossam Haick wa ku Israel, ndi kampani ya Owlstone Medical ya ku Cambridge ku Britain, akupanga makina oti azigwira ntchito ya mphuno. Munthu amapumira m'kachipangizo kwa mphindi zingapo, mpweya uja nkusungidwa m'timachubu, kenako nkukapimidwa. Palibe jakisoni, palibe kutenga magazi.

Tsopano mvetsetsani apa, amayi ndi abambo. Njira imeneyi idakali pa kafukufuku. Simungaipeze ku posto yanu, ngakhale kuchipatala chachikulu ku Tete. Tinthu tija timakhala tochepa kwambiri, ndipo timasintha ndi zimene munthu wadya, fodya amene wasuta, mankhwala amene akumwa, ngakhale matenda ena monga mphumu ndi TB. Makina amene achita bwino pa gulu lina la anthu amatha kulakwitsa pa gulu lina. Akanena kuti muli ndi khansa pamene mulibe, banja lingagulitse ng'ombe pachabe. Akanena kuti mulibe pamene ilipo, mungakhale phee kunyumba matenda akukula. Ndipo ngakhale tsiku limene makinawa adzavomerezedwe, ntchito yawo idzakhala yongoloza amene ayenera kukajambulidwa. Chotsimikizira khansa ndi kutapa kanyama ka chotupacho nkukakaona kulabotale. Choncho wina akabwera pamsika ndi kamakina, nkumati perekani ndalama ndikupimeni matenda onse, sungani ndalama zanuzo.

M'mayiko olemera, osuta fodya achikulire amawajambula ndi makina a CT. Kafukufuku wa ku United States amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, pa anthu oposa 53,000, anaonetsa kuti kujambula kotere kumachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi 20 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi raio-X wamba. Makina a CT ndi odula ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zam'mizinda basi. Apa mpamene kachipangizo kotchipa kopumiramo kangadzathandize kwambiri anthu a kumudzi ngati ife, kakadzatheka.

Pakali pano chimene chili m'manja mwathu ndi ichi. Kwathu kuno chifuwa chokhalitsa nthawi zambiri chimakhala TB, ndiye mukatsokomola kupitirira masabata awiri, pitani kuchipatala akapime makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo kawirikawiri amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Vuto n'lakuti khansa ya m'mapapo imafanana kwambiri ndi TB: kutsokomola, magazi m'makhololo, kuwonda, kuwawa pachifuwa, kubanika. Ena amangomwa mankhwala a TB mwezi ndi mwezi pamene chikuwadya ndi china. Ngati makhololo asonyeza kuti mulibe TB koma chifuwa sichikutha, bwererani. Ngati mwamwa mankhwala mokhulupirika miyezi iwiri koma mukungowondabe, musawasiye pa inu nokha, koma kauzeni anamwino mosabisa. Mwina ndi TB yosamva mankhwala, mwina ndi fumbi la kumigodi, mwina ndi khansa. Pemphani kuti akujambuleni raio-X, ndipo ngati pakufunika akulembereni guia yopitira kuchipatala chachikulu. Kubwerera kawiri kapena katatu si kuvutitsa anamwino ayi. Mawu kusasa kwa masabata angapo, kapena kutupa nkhope ndi khosi, nazonso n'zofunika kuzinena.

Mukafika kumeneko fotokozani mbiri yanu yonse. WHO imati pa odwala khansa ya m'mapapo 100 aliwonse, pafupifupi 85 anaiyamba chifukwa cha fodya. Chingambwe chopichira papepala chimawononga mofanana ndi ndudu za m'sitolo, ngakhale fodyayo mwalima nokha kumunda kwanu. Abambo amene munagwirapo ntchito kumigodi ya golide ku Joni, kapena mumaphwanya miyala, nenani zaka zimene munapuma fumbilo. Amayi amene simunasutepo, musaganize kuti nkhaniyi si yanu: utsi wa fodya wa amuna anu ndi utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umalowa m'mapapo momwemo. Phikirani panja kukakhala kopanda mvula. Amene wasiya kusuta lero, pakatha zaka 10 chiopsezo chake cha khansa imeneyi chimatsika kufika pafupifupi theka la amene akusutabe.

Ambiri a inu mumathandizidwa mbali zonse ziwiri, lero ku Ulónguè, mwezi wamawa ku Dedza kapena ku Ntcheu. Muzinyamula khadi lanu la TB, mapepala a zotsatira ndi chithunzi cha raio-X kulikonse kumene mukupita, kuti dokotala wa kumeneko aone kuti makhololo anapimidwa kale ndipo asayambirenso pachiyambi. Amene ali ndi mafunso afunse APE wa m'mudzi mwawo kapena anamwino a ku posto.