Kodi mumadziwa? Masofa a pa chithunzi angakhale a pa kompyuta

Chithunzi cha nyumba yogulitsa chingaonetse masofa, makatani ndi kapeti pomwe m'nyumbamo mulibe ngakhale kampando. Amajambula chipinda chopanda kanthu, kenako n'kuikamo katunduyo pa kompyuta. Ogulitsa nyumba ku America ndi ku Ulaya amaikonda njirayi chifukwa ndi yotchipa kusiyana ndi kubwereka mipando yeniyeni. Pofika mu 2014, zithunzi zitatu mwa zinayi zilizonse za katundu wa IKEA, kampani yogulitsa mipando, zinali zopangidwa pa kompyuta. Ku California, m'dziko la America, kuyambira mu Januwale 2026, lamulo likukakamiza maejenti a nyumba kuulula ngati chithunzi achisintha.

Kuchigwa cha Shire kuno, komwe ena amatsatsa nyumba za ku Nchalo kapena ku Bangula pa WhatsApp ndi Facebook, za masofazo n'zazing'ono. Luso lomweli lingafufute mzere wa matope umene madzi osefukira a mu 2015, kaya a namondwe wa Freddy mu 2023, anasiya pakhoma, ndi ming'alu yomwe. Musanalipire, kaioneni nokha nyumbayo, muyang'anitsitse m'munsi mwa khoma, ndipo mufunse oyandikana nayo ndi anyakwawa kuti madzi analekezera pati.